Momwe mungaikire masipeya atsopano pa njinga yakale ya Raleigh osawononga fulemu

Njinga za Raleigh zopangidwa ku Nottingham, ku England, zidakalipo m'makhonde ambiri kwathu kuno, zina zitatsamira khoma kuyambira pomwe agogo adasiya kupalasa. Fakitale ya ku Nottingham idaleka kupanga njinga mu 2002, koma fulemu yachitsulo ija, ngati sinapindike kapena kubooka ndi dzimbiri, ikhoza kubwereranso pamsewu. Pomwe pagona nkhani ndi pa masipeya. Ambiri omwe ali pamsika lero ndi a ku India ndi ku China, opangidwira njinga ngati Hero ndi Phoenix. Powaona amafanana ndi a Raleigh, koma si onse omwe amalowa, ndipo mukawakakamiza chomwe chimawonongeka ndi fulemu.

1. Yambani mwamasula, kugula pambuyo

Thirani oyilo pa nati iliyonse, isiyeni igone usiku wonse. Ma Raleigh akale ali ndi manati a muyezo wakale wa ku Britain wa mainchi wotchedwa Whitworth, kotero sipanala ya mamilimita imaterereka n'kudya makona a nati. Gwiritsani ntchito sipanala yosintha kukula, muyithinitse bwino musanapotokole. Chilichonse chomwe mwachotsa chitsukeni ndi palafini, n'kuchiika m'kachitini kakekake. Musataye kanthu, ngakhale kawashala.

2. Kotapini

Kotapini ndi kachitsulo kokhala ndi nati komwe kamagwira kulanki, mkono wa pedulo, pa ekiselo ya pakati. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Masulani nati ya kotapini mpaka ifike pofanana ndi nsonga yake, osaichotseratu. Pezani kapaipi kachitsulo, muimike pansi kuti kachirikize kulanki, mutu wa kotapini uloze m'kamwa mwa paipiyo. Kenako menyani kamodzi mwamphamvu ndi hamala. Kumenya pang'onopang'ono kambirimbiri kumangophwanya nsonga, ndipo kumenya popanda chochirikiza kumatumiza mphamvu yonse pa timabolo ta mkati.

Njinga za ku England zimafuna kotapini ya mamilimita 9.5. Yatsopano nthawi zambiri siikhala bwino yokha, pamafunika kupala mbali yake yafulati ndi fayilo mpaka ilowe mokwanira. Palani zonse ziwiri mofanana. Poziika, imodzi iloze kwina inzake kwina: kulanki yakumanja ikaloza kutsogolo nati yake ili pamwamba, yakumanzere yomwe yaloza kumbuyo nati yake ikhale pansi. Mukazilozetsa kumodzi, mapedulo sakhala pa mzere umodzi ndipo njinga imayenda motsimphina. Ilowetseni ndi hamala mutachirikizanso ndi paipi ija. Nati ndi yongoigwira kuti isatuluke. Mukafuna kuikokera mkati ndi nati, mazinga amatha nthawi yomweyo chifukwa chitsulo chake n'chofewa.

3. Makapu a pakati, pomwe pamazungulira mapedulo

Makapu ndi zitsulo ziwiri zomangidwa m'paipi ya pakati ya fulemu, momwe timabolo timazunguliramo. Raleigh inkadula mazinga akeake, 26 pa inchi iliyonse, pomwe njinga zambiri zotsatira muyezo wa ku Britain zili ndi 24. Kusiyana kwake diso silingakuone msanga. Kapu ya 24 imalowa bwinobwino kawiri kapena katatu, kenako imalimba. Ikalimba choncho, imani. Wokonza njinga wina angakuuzeni kuti ndi dzimbiri chabe, n'kuitenga ndi sipanala yaitali. Musalole, chifukwa mazinga a mu fulemu akadyeka palibe sipeya yomwe ingawabwezere.

N'chifukwa chake ine ndimati makapu akale asungeni. Chitsulo chake n'cholimba kuposa cha ambiri atsopano. Apukuteni, muyendetse nsonga ya bolopeni m'njira yomwe timabolo timadutsa. Ngati ikuyenda mosalala popanda timaenje, kapuyo ndi yabwino, ingosinthani timabolo tokha: ta kota inchi, 11 mbali iliyonse, tomatidwa ndi girizi watsopano. Kapu ikakhala yokumbika, funafunani ina kwa okonza njinga achikulire omwe amasunga mafulemu akufa kuseri kwa shedi. Kapu yakumanja, ya mbali ya tcheni, imamasuka mobwerera, ndipo ngati ilibe vuto ndi bwino kungoitsukira pomwepo osaichotsa.

Mukasintha ekiselo ya pakatipo, pitani nayo yakale kusitolo mukaziike pambalimbali. Paipi ya pakati ya Raleigh ndi yotambalala mamilimita 71 kapena 76, osati 68 ngati njinga zina, choncho ekiselo yofupika imapangitsa kapu yakumanzere kumira yonse osasiya malo a nati yokhomera.

4. Khosi la foloko

Nalonso lili ndi mazinga 26, ndiye lamulo ndi lomwelo. Yalani chiguduli pansi musanamasule, chifukwa timabolo take, ta 5/32 ya inchi, timamwazika ngati mapira. Tiwerengeni tisanasowe, mugule chiwerengero chomwecho. Mangani mpaka handulo izizungulira mofewa koma osagwedera mukagwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga.

5. Malimu ndi matayala

Musadalire nambala yoyamba yolembedwa pa tayala. Njinga zazikulu za mabuleki a ndodo zimavala 28 x 1½, yomwe limu yake ndi mamilimita 635. Palinso tayala lina lotchedwa 28 kapena 700C la mamilimita 622, limenelo silingalowe ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse. Raleigh Sports imavala 26 x 1⅜, ya 590, osati 26 ya njinga za mountain bike yomwe ndi 559. Mwayi wake, 635 imapezeka mosavuta chifukwa akabaza ambiri amayendera yomweyo.

Mabuleki a ndodo amagwira mkati mwa limu, kufupi ndi masipoko, osati m'mbali. Limu yatsopano iyenera kukhala ya mtundu womwewo wotambalala, wotchedwa Westwood. Werenganinso mabowo: njinga zambiri zakale za ku England zinali ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pomwe malimu ambiri a masiku ano ali ndi 36. Limu ndi habu (chitsulo cha pakati pa wilo pomwe pamakoledwa masipoko) zikasiyana mabowo, wilo silingalukike.

Habu yakutsogolo ya Raleigh ili ndi khalidwe lake. Pa ekiselo yake pali makoni awiri, tizitsulo tomwe timapanikiza timabolo. Koni imodzi ndi yokhazikika, inayo ndi yosintha, ndipo palibe nati zokhomera. Yokhazikikayo ikhale kumanja. Mukaika wilo motembenuza, yokhazikikayo n'kukhala kumanzere, koni imadzimanga yokha mukuyenda mpaka wilo kuuma.

6. Habu ya magiya, ngati ilipo

Ngati kumbuyo kwalembedwa Sturmey-Archer AW, muli ndi habu ya magiya atatu yomwe idayamba kupangidwa mu 1936. Pamwamba pake pali manambala osonyeza chaka ndi mwezi womwe idapangidwa, ndipo ndi njira yabwino yodziwira zaka za njinga yanu. Musathamangire kuitsegula. Thirani madontho a oyilo wopepuka pa kabowo kake, osati girizi, n'kuzunguza wilo. Ikani waya watsopano wa magiya, muike giya yachiwiri, ndipo sinthani mpaka phewa la kandodo komwe kamalumikiza katcheni kakang'ono lifanane ndi nsonga ya ekiselo. Zikapanda kufanana, mapedulo amatha kuzungulira pachabe pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, zomwe n'zoopsa mukaimirira pokwera chitunda.

7. Zotsala

Tcheni, mapedulo, machubu ndi malabala a buleki zatsopano zimalowa popanda vuto. Tcheni ikhale ya 1/8 ya inchi. Pedulo yakumanzere imamangidwa mobwerera, ndipo muiyambe ndi dzanja. Paipi ya chishalo ipakeni girizi isanalowe kuti isadzamatirire. Mukayenda makilomita angapo oyamba, menyaninso makotapini mutachirikiza, n'kuthinitsa manati ake pang'ono, chifukwa atsopano amakhazikika akayamba kulemedwa.