Sikelo ya mwana kuno ku Tete isadikire ulendo wa kumudzi

Ambiri a ife Amalawi amene tikukhala ku Moatize, mumzinda wa Tete kapena m'minda ya fodya ku Macanga, nkhani ya sikelo timaiika padera. Timati mwana tikamubayitsa tikapita kwathu pa Khirisimasi. Ena amachita kukwera naye galimoto mpaka ku Zóbuè n'kuwolokera ku Mwanza chifukwa cha jakisoni mmodzi, ndipo mwezi umene ndalama yavuta ulendowo umalephereka. Umu ndi mmene mwana amafikira chaka ali ndi katemera wa tsiku lobadwa yekha.

Matenda sadziwa malire. Mu February 2022 boma la Malawi lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo pofika May chaka chomwecho matendawa adapezekanso kuno, m'boma la Changara. Ana 8 ndi amene adapezeka nawo m'chigawo chino chaka chimenecho. N'chifukwa chake azaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana mbali zonse ziwiri za malire.

Sikelo ilipo konkuno pa Centro de Saúde iliyonse ya boma, ndipo katemera wa ana salipiritsa. Pakhomo lake pamalembedwa Consulta da Criança Sadia, mwachidule CCS. Ku Angónia ndi ku Tsangano chinenero si vuto, anthu ake ndi athu omwewa. Mumzinda muno anamwino ambiri amalankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe, koma Chinyungwe mukachitchera khutu chimamveka, ndipo pa benchi sipalephera mayi wina wokumasulirani.

Pitani ndi buku la mwana la ku Malawi lija, ngakhale litathimbirira. Namwino akaona masiku amene mwana adabayidwa amangopitiriza pomwepo. Katemera sayambidwanso pachiyambi chifukwa choti mwachedwa kapena mwasamuka. Akakupatsani khadi la kuno, Cartão de Saúde da Criança, liikeni m'kajumbo kamodzi ndi bukulo, ndipo zonse ziwiri muzijambule pafoni, poti nyumba zathu za lendi mvula ikagwa timazidziwa tokha. Masiku amasiyana pang'ono. Ku Malawi mwana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14, pamene kuno ndi pa miyezi 2, 3 ndi 4. Wa chikuku woyamba ndi pa miyezi 9 konsekonse, koma wachiwiri kwathu ndi pa miyezi 15, kuno pa miyezi 18. Wachiwiriyu ndi amene amaiwalika kwambiri, chifukwa mwana amakhala akuthamanga kale ndipo mayi wabwerera ku geni. Vitamini A amayamba pa miyezi 6 n'kumabwereza pakatha miyezi 6 iliyonse mpaka zaka 5, ndipo mankhwala a njoka zam'mimba amayamba mwana akakwana chaka.

Chaka choyamba chonse muzipita mwezi ndi mwezi, ngakhale mwezi umene palibe jakisoni. Chofunika pa khadi si nambala ya lero yokha ayi, koma mzere umene timadontho ta kulemera kwa mwana tikupanga mwezi ndi mwezi. Mwana wochepa thupi amene mzere wake ukukwera ali bwino kuposa wonenepa amene waima miyezi iwiri. Ana ambiri amawirikiza kawiri kulemera kwa pobadwa akamafika miyezi 5, ndipo katatu pokwana chaka. Msinkhu nawonso awuyeze, chifukwa kupinimbira sikuoneka ndi maso, timangoti watengera agogo ake. Kalamba kamene amakulunga pamkono wa mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo kakaonetsa pofiira, ndiye kuti mkono sunafike masentimita 11.5, ndipo mwanayo akufunika chiponde cha kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupa mapazi onse awiri nakonso musakutenge ngati kunenepa. Dinikizani chala pamwamba pa phazi, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala kadzenje, nyamukani. Akuluakulu akamati ndi tsempho musakangane nawo, koma kuchipatala mupite ndithu. Ana otere, pamodzi ndi obadwa osakwana makilogalamu 2.5 ndi obadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, amaonedwa pakhomo lina la ana amene ali pa chiopsezo, lotchedwa CCR, kumene amawatsata pafupipafupi.

Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi mu October ndi November kumapusitsa amayi ambiri. Dzuwa likafika madigiri 40 mtima umati khandali ndilimwetse madzi. Musatero asanakwane miyezi 6. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ingomuyamwitsani pafupipafupi, madziwo mumwe ndinu. Liwombo likalowa m'kati, makamaka mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Kumata mankhwala pamutu sikubwezera madziwo. Mpatseni bere ndi madzi a Thanzi ORS, muli pa ulendo wa kuchipatala.

Akayamba phala, likhale la mgaiwa, lolimbako losayenderera pa supuni, lothira nsinjiro, dzira kapena kapenta wa ku Cahora Bassa wosinja bwino. Malambe ndiye mbwee m'misika ya kuno, ufa wake pang'ono m'phala umathandiza.

Za kukhala, kukwawa ndi kuyenda, amayi timapikisana nazo kwambiri pa mpopi. Kafukufuku wa bungwe la WHO adaonetsa kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Ena sakwawa n'komwe, amangokhwekhwereza matako kenako n'kuimirira. Choncho wa aneba akayenda pa miyezi 10 wanu ali chikhalire, musataye tulo. Zoyenera kuuza namwino ndi izi: mwana wa miyezi 3 wosamwetulira kapena wosadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, wa miyezi 4 amene khosi likadali lende, wa miyezi 9 wosakhala yekha, wa chaka ndi theka wosayenda kapena wopanda liwu ngakhale limodzi, ndiponso mwana aliyense amene wasiya chinthu chimene ankachita kale. Wamng'ono amene adadwala malungo aakulu mpaka kukomoka muzimuyang'anitsitsa mwapadera, makamaka makutu ndi kayendedwe.

Ana athu kuno amamva Chichewa m'nyumba, Chinyungwe pabwalo, Chipwitikizi pa wailesi. Zimenezi sizichedwetsa kulankhula. Mwana wa zaka 2 akamati "ndifuna água" walumikiza mawu awiri, ndipo n'zimene zimafunika pa msinkhu umenewo. Powerenga mawu amene akudziwa, phatikizani a zinenero zonse. Musasiye kumulankhula Chichewa poopa kumusokoneza.

Abambo, ngati mayi ali ku msika wa Kwachena tsiku la sikelo, mwanayo mutengeni ndinu. Musanachoke pa tebulo la namwino, mufunseni akulozereni pamene walemba tsiku lobweranso, ndipo ngati ulendo wa ku Dedza kapena ku Ntcheu uli pafupi, muuzeni kuti aone ngati pali katemera woyenera kubayiratu musananyamuke.