Malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka burashi yafulati yopakira foundation

Malangizo awa tawakonzera kuno ku Zomba, ndipo tawalembera makamaka inu makasitomala athu a ku Zambia, kuyambira ku Chipata, Katete ndi Petauke mpaka ku Lusaka, amene mwagula burashi yafulati yopakira foundation (zodzola zakumaso zobisa mabanga ndi kufananitsa mtundu wa khungu) kapena mukulingalira zoigula. Tikukupemphani kuti muwawerenge onse musanayambe kuigwiritsa ntchito, chifukwa burashi imeneyi imapindulitsa munthu amene wadziwa kagwiridwe kake ndi kasamalidwe kake.

Burashiyi ili ndi chogwirira cha mtengo kapena cha pulasitiki, kachitsulo kapakati kamene kamapana ubweya pamodzi ndi guluu, ndiponso ubweya umene unasanjidwa mopyapyala n'kuzungulira pang'ono kunsonga, ngati nkhafi yopalasira bwato. Musaisokoneze ndi burashi ina yonenepa, yobulungira, yodulidwa mofanana pamwamba, imene amapakira moizunguliza pankhope. Yafulatiyi ntchito yake ndi kuyala zodzola pakhungu, ndipo inapangidwira foundation yamadzimadzi ndi yakirimu. Pa phoda siyenera, popeza imamuunjika malo amodzi m'malo momumwaza.

Ubweya wake si wa nyama ayi, koma ndi wopangidwa kufakitale, kawirikawiri wa nayiloni kapena wa taklon, ndipo phindu lalikulu la burashiyi lagona pamenepa. Ubweya wa nyama, monga wa mbuzi, uli ndi timamba ting'onoting'ono timene timakola phoda bwino koma timamwa zodzola zamadzi, pamene ubweya wopangidwa ndi wosalala moti zimene mwatapa zimakathera pankhope. Siponji nayonso imamwa gawo lina la foundation, lomwe limangotayika pochapa. Munthu amene akudziwa mtengo wa botolo limodzi la foundation yabwino masiku ano adzaona yekha kuti kupulumutsa madontho ochepa tsiku lililonse si nkhani yaing'ono. Kuwonjezera apo, m'mphepete mwake mopyapyalamo mumafika malo amene chala kapena siponji zimavutika kufikamo, monga m'mbali mwa mphuno, m'munsi mwa maso, m'makona a milomo ndi m'mphepete mwa nsidze.

Musanapake, sambani kumaso, dzolani mafuta anu ofewetsa khungu, ndipo dikirani mphindi zingapo kuti alowerere. Zimenezi n'zofunika kwambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene khungu limatuwa ndi kuuma, chifukwa burashi ikadutsa pakhungu louma imadzutsa timakoko timene timaonekera pamwamba pa foundation. Kenako donthezani madontho awiri kuseri kwa dzanja lanu loyera, osati pa burashi penipeni, n'kumatapa pang'onopang'ono ndi nsonga yokha. Mukamiza ubweya wonse, zodzolazo zimalowa mpaka pakachitsulo paja, pamene zimauma n'kumavuta kuchotsa.

Yambirani pakati pa nkhope, m'mbali mwa mphuno ndi pamasaya, n'kumakokera kunja cha kumakutu ndi kunsagwada, ubweya utagona pakhungu m'malo moima chilili. Kokani mwachidule komanso mopepuka, cha m'munsi, motsata mmene tiubweya ta pankhope tagonera, kuti tisadzuke n'kuonekera. Pachipumi yambani pakati n'kumapita kumbali, ndipo pofika m'mphepete mwa tsitsi burashi ikhale itatsala pang'ono kuuma, kuti pasaoneke mzere wosiyanitsa pamene zodzola zalekezera. Chimodzimodzinso pansagwada, tsetserezani zotsalirazo cha kukhosi. Pansagwada pomwepo ndi pamene muyenera kuyesera mtundu wa foundation musanagule, mutaima panja kapena pawindo masana, popeza kuwala kwa babu kumasintha maonekedwe a mtundu. Sankhani yofanana ndi khungu lanu, chifukwa yowala kuposa inuyo imatuwitsa nkhope, makamaka pazithunzi, ndipo palibe burashi imene ingakonze vuto limenelo.

Dandaulo limene anthu ambiri amakhala nalo pa burashi yafulati ndi la mizere imene imatsala pankhope, ndipo sitikubisirani kuti zimachitikadi. Mizereyo imabwera munthu akatapa zambiri nthawi imodzi, akakanikiza burashi mwamphamvu mpaka ubweya kutayana, kapena akagwiritsa ntchito burashi imene yauma ndi zodzola zadzana. Mukaiona mizereyo musathamangire kuwonjezera foundation ina. Gonekani burashi chafulati n'kumaigunditsa pakhungu mofatsa, kukhudza ndi kunyamula, kukhudza ndi kunyamula, mpaka mizere itazimirira. Amene ali ndi siponji angathe kuinyowetsa, kuifinya bwinobwino, n'kumalizira nayo mwa njira yomweyo. Pamene pali chipsera, banga lakuda kapena chiphuphu chimene chapola, dikirani kaye kuti zoyambazo zikhazikike, kenako ikanipo pang'ono ndi nsonga pamalo okhawo. Ife timaona kuti kuyala mopyapyala kawiri kumaposa kumata kamodzi mochindikala, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, pamene thukuta limasungunula zodzola zochindikala n'kuziunjika m'makwinya a m'munsi mwa maso ndi m'mbali mwa kamwa. Mkwatibwi amene adzakhale tsiku lonse paukwati kapena pa kitchen party, ngakhalenso wophunzira amene akukalandira digiri atavala gauni padzuwa, amafunika nkhope imene ingapirire maola ambiri.

Burashi yomweyi ingathe kupakira primer (zodzola zimene zimayamba kupakidwa musanapake foundation), concealer (zodzola zobisira zipsera ndi mabanga) kapena zomata kumaso zotsukira khungu, malinga ngati mwaichapa musanasinthe ntchito.

Nkhani ya kuchapa tikuigogomezera kwambiri, chifukwa ikukhudza thanzi lanu. Zodzola zamadzi zikasakanikirana ndi mafuta a pakhungu, thukuta ndi fumbi, zimakhala malo abwino oswaniranamo tizilombo toyambitsa ziphuphu ndi matenda ena a pakhungu. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limalangiza kuti maburashi a zodzoladzola azichapidwa pa masiku 7 mpaka 10 aliwonse, ndipo kwa amene amapaka tsiku ndi tsiku ife tikuti asapyole sabata. Nyowetsani ubweya ndi madzi ofunda, nsonga italoza pansi, ikani kadontho ka shampu ya ana kapena sopo wofewa pachikhatho, ndipo pukusani ubweyawo mofatsa pamenepo, n'kumatsukuluza mpaka madzi atayamba kutuluka oyera. Madzi otentha kwambiri, kapena kuviika burashi yonse m'kapu, zimafewetsa guluu wa m'kati mwa kachitsulo, ndipo posakhalitsa ubweya umayamba kuthothoka n'kumatsalira pamasaya. Finyani madzi ndi kansalu koyera, wongolani ubweya ndi zala kuti ubwerere mmene unalili, kenako gonekani burashiyo patebulo, ubweya utatulukira kumphepete kuti mpweya uzidutsa mbali zonse. Musaiimike chilili ikadali yonyowa, popeza madzi amatsikira kuchogwirira, ndipo musaiumitse ndi dirayala ya tsitsi kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa nayiloni imapindika ndi moto. M'nyengo ya dzinja, pamene kunja kuli chinyezi, muzichapa madzulo kuti igone usiku wonse ikuuma, ndipo musaitsekere m'kachikwama isanaume, kuopa nkhungu.

Burashi yanu ikhale yanuyanu. Tikudziwa kuti nkovuta kukaniza mng'ono wanu kapena mnzanu wa m'chipinda chimodzi akabwereka, koma zipere, matenda ofiiritsa maso ndi zilonda za pamilomo zingathe kufalikira kudzera m'ziwiya zotere. Amene mumakongoletsa anthu musaluni kapena pamaukwati, khalani ndi maburashi angapo kuti aliyense apakidwe ndi yoyera, ndipo muzitapa foundation kuchokera pakambale koyera m'malo mobwezera burashi m'botolo. Musapake pabala, pachiphuphu chimene chaphulika kapena pakhungu lotupa, ndipo ngati mwayamba kumva kuyabwa kapena kuwotcha, sambani nthawi yomweyo n'kusiya kaye zodzolazo. Zikapitirira, kaonaneni ndi achipatala. Ubweya ukayamba kutayana osabwereranso, kuthothoka kawirikawiri kapena kununkha ngakhale mutachapa, burashiyo yatha ntchito ndipo muyenera kugula ina.