Aircon ikamazima yokha masana: momwe mungapezere chomwe chikutenthetsa koilo

Kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, amisiri a ma aircon kuno ku Zomba sapuma. Kaya ndi m'nyumba ku Matawale, kaya malo ogona alendo m'tauni, dandaulo ndi limodzi: m'mawa makina akuziziritsa bwino, dzuwa likamaswa mtengo azima okha, madzulo ayambanso. Ambiri amathamangira kunena kuti gasi woziziritsa wa m'makinamo watha. Ine ndimati gasi aziganiziridwa pomaliza, chifukwa nthawi zambiri makinawo amakhala atangotentha n'kudziteteza okha.

Musanagwire chilichonse, zimitsani magetsi pa breka, osati pa rimoti pokha. Kapasita, kachipangizo kothandiza mota kunyamuka ndi kuyenda, imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, choncho ngati simunaphunzire kuitaya mphamvu, zamkati musiyireni mmisiri.

Koilo zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi mapaipi opindapinda odutsa gasi, ali ndi tizitsulo topyapyala, ndipo ilipo ya m'nyumba ndi ya panja. Inayo ndi waya wokulungidwa mkati mwa kompresa (pampu yoyendetsa gasi) ndi mota ya fani. Koilo ya panja ikalephera kutaya kutentha, kompresa imavutika, ndipo waya wa mkati mwake ndiye amapsa. N'chifukwa chake timayambira panja.

Choyamba, tengani tochi muunike pakati pa tizitsuloto. Chilimwe chathu ndi cha fumbi, masamba ouma ndi phulusa la moto wolusa. Zonsezi zimamatirira kumbuyo kwa bokosi la panja la aircon, mbali yoyang'ana khoma, komwe diso silifika. Mavu amamangamo, nalimata amaferamo. Tsukani ndi madzi a paipi wamba, pang'onopang'ono, mosathira mbali ya mawaya. Makina otsukira galimoto aja ayi, amapinda tizitsulo mpweya n'kusowa podutsa. Muonenso malo omwe bokosilo laikidwa. Ambiri timalitchinga ndi khola la zitsulo poopa akuba, ndipo m'pomveka, koma kholalo likhale la mipata ikuluikulu, lisakhale la malata. Makina ambiri amafuna mpata wa masentimita pafupifupi 30 kumbuyo, ndipo kutsogolo pakhale poyera. Bokosi lofinyika pakhonde limakoka mpweya wotentha womwe langoutulutsa kumene.

Chachiwiri, sefa ya m'nyumba. Itulutseni, muitsuke, iume, muibwezere. Basi.

Chachitatu ndi fani ya panja. Magetsi ali chizimire, ikankheni ndi kamtengo. Ikamalimba, mabering'i atha. Ikamazungulira mopepuka koma mukayatsa ingolira osanyamuka, kapena ikuyenda mwaulesi, kaikirani kapasita. Yowonongeka nthawi zina imatupa pamwamba kapena kudontha mafuta, koma ina imafooka ikuoneka yabwinobwino. Mmisiri aiyese ndi mita, ayerekeze ndi nambala yolembedwa pa kapasitapo. Zambiri zimaloledwa kusiyana ndi 5 pa 100 iliyonse, ndipo malirewo amalembedwa pomwepo. Kachipangizo aka n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kompresa, koma kakafooka n'kunyalanyazidwa kamaipha ndithu.

Chachinayi, magetsi enieniwo. M'Malawi muno timayembekezera mavoti 230. Yesani makina akugwira ntchito, osati ali chete. Mukapeza atsika osafika pa 207, mota imakoka ma ampu (muyezo wa magetsi odutsa m'waya) ambiri ndipo waya wake umatentha. Jenereta yaing'ono kapena nthambo yowonda yokokedwa kutali imachititsa zomwezi. Yang'anani polumikizira mawaya: pakada, pakasungunuka kapena pakamanunkha kupsa, ndiye kuti waya unali wogwedera. Mita yopanira pa waya ikuuzani ma ampu omwe kompresa ikukoka, muyerekeze ndi olembedwa pa chikwangwani cha bokosi. Chinanso, magetsi akathima n'kubwerera pomwepo, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu musanayatse, gasi ayambe wakhazikika. Kompresa yoyatsidwa mokakamiza imatentha msanga kwambiri.

Chachisanu ndi cha mmisiri: kuyesa waya wa mkati mwa kompresa. Ya mtundu wakale ili ndi timitu titatu, C, R ndi S. Ma ohm (muyezo wa momwe waya ukutchingira magetsi) a pakati pa C ndi R mukawaphatikiza ndi a C ndi S, afanane ndi a pakati pa R ndi S. Apa mpamene anthu amataya kompresa zabwino. Ngati mita sikuonetsa kanthu kuchokera pa C koma pakati pa R ndi S pali moyo, n'kutheka kuti kachitetezo ka mkati kangotseguka chifukwa cha kutentha. Isiyeni izizire, ngakhale maola angapo, muyesenso. Makina a inverter ali ndi U, V ndi W, ndipo ma ohm ake ayenera kufanana ponse. Mtundu uliwonse, waya ukakhala kuti ukukhudzana ndi chitsulo cha kunja, kompresayo yapsa.

Okhala m'mphepete mwa phiri ndi ku Chawe, amene mumatenthetsa nyumba ndi aircon mu Juni ndi Julayi, dziwani kuti nthawi imeneyo koilo ya m'nyumba ndiyo imatentha, ndiye sefa yakuda imazimitsa makina mofanana. Hita ya waya wofiira nayo ikamazima yokha, onani fani ndi polowera mpweya. Wina akakuuzani kuti alumphitse kachitetezo kake, kanani. Umo ndi momwe nyumba zimapsera.

Zonsezi zikakhala bwino, tsopano tikambe za gasi. Akachepa, kompresa imatenthadi, popeza gasi wobwerera ndiye amaiziziritsa. Koma gasi satha ngati mafuta a galimoto. Akachepa ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo kawirikawiri mudzaona mafuta ogwira fumbi polumikizira mapaipi. Mmisiri atseke kaye podonthapo, ayese ndi mageji oyezera gasi, kenaka aike muyezo wolembedwa pa bokosi. Wopitirira muyezo amatenthetsanso makina. Onetsetsani kuti akuika mtundu womwewo, kaya R22, R410A kapena R32, osasakaniza. R32 amatha kuyaka, choncho asawotcherere paipi gasi akadali momwemo.