Momwe mungayendere zilumba za ku Cape Maclear pa boti la thanga

Mukaima pamchenga wa ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, m'mawa wa mwezi wa Julaye, nyanja imakhala ili zii ngati madzi a m'beseni. Thumbi ali poteropo, Domwe watambalala kudzanja lamanja, ndipo kukayera bwino Mumbo amaonekera patali ngati kachulu. Bata limeneli lanyenga anthu ambiri. Mapiri a kwa Nankumba ndiwo amatchinga mwera kumbuyo kwanu, ndiye boti likangotuluka mumthunzi wa mapiriwo mumakumana ndi nyanja ina.

Zilumbazi zili m'manja mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe boma linakhazikitsa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Zilipo 13, kuyambira Boadzulu kummwera mpaka zilumba zitatu za Maleri pafupi ndi Senga Bay. Boti la injini likhoza kukuzungulitsani zapafupizi m'maola ochepa. Pa boti la thanga, wolamula ulendo ndi mphepo, ndipo zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

1. Sankhani mwezi poyang'ana mphepo

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa. Ndi mphepo yokhazikika, yokoma kwa odziwa thanga, koma ikakwiya imatha masiku angapo osapuma, mafunde n'kutalika kuposa munthu. Asodzi enieni amakokera mabwato awo kumtunda masiku amenewo. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto ndi mabingu odzidzimutsa, ndipo poti gombe la Chembe linayang'ana chakumpoto, mpoto amalowa mpaka pamchenga.

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, pitani mu Sepitembala kapena Okutobala. Mwera amakhala atafooka, mvula isanayambe, madzi ndi oyera. Vuto lake ndi dzuwa basi, ndiponso masana ena mphepo imatheratu, thanga n'kungoti lende. Epulo nayenso si woipa.

Kutatsala masiku atatu, yambani kutsatira machenjezo a nthambi yoona zanyengo pawailesi kapena pa Facebook. Akanena kuti panyanja pakhala mwera wamphamvu, musakambirane nazo. Ndipo m'mawa wa tsiku lonyamuka kafunseni asodzi omwe angofika kumene kuchokera kousipa. Iwowo agona pamadzi pomwe inu mukupita.

2. Pezani boti, koma makamaka woyendetsa

Kuchokera pamphambano ya msewu wa ku Monkey Bay kukafika ku Chembe ndi makilomita pafupifupi 18. Maboti a thanga ndi ochepa poyerekeza ndi a injini, choncho funsani kumalo ogona alendo masabata angapo ulendo usanafike. Alipo aang'ono okwera anthu awiri kapena atatu, oyenera kuzungulira pafupi, ndi aakulu a matupi awiri otchedwa catamaran, omwe mukhoza kugonamo.

Musanapereke ndalama, lionereni nokha botilo. Werengani majekete oyandamitsa munthu, aliyense akhale ndi yake, ana apeze zowakwana. Onani nangula ndi utali wa chingwe chake, nkhafi ziwiri, chokapira madzi, tochi, komanso injini yaing'ono ndi petulo wake ngati mukupita kutali. Funsani ngati botilo lili ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona zamaulendo a pamadzi. Kenaka funsani woyendetsayo kuti, “Achimwene, mwera akatipeza ku Mumbo tikabisala mbali iti?” Wodziwa ntchito amayankha pompopompo, akuloza ndi dzanja. Wongoseka n'kunena kuti palibe vuto, msiyeni.

Ngakhale mutakhala kuti munaphunzira thanga ku Cape Town kapena ku Ulaya, tengani munthu wa komweko. Miyala yambiri yobisika pansi pa madzi ili m'mutu mwa anthu a ku Chembe ndi ku Msaka. Madzi a nyanjayi amakweranso ndi kutsika: mu 2024 anakwera mpaka kumiza magombe ambiri, ndipo mwala womwe chaka china unkaonekera, chaka chinacho umakhala utabisala pansi pang'ono, podikira boti lanu.

3. Lipirani zolowera, mudziwe malire

Chembe ndi umodzi mwa midzi isanu yomwe inatsalira mkati mwa paki, ndipo kukhala m'mudzimo simulipira. Koma mukaponda pachilumba kapena kusambira m'mbali mwake mwalowa m'paki. Ndalama yake imawerengedwa patsiku, Amalawi amalipira yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika. Lisiti muisunge m'pepala la pulasitiki.

Lamulo lalikulu ndi la mamita 100. Madzi onse ozungulira chilumba kufika mamita 100 kuchokera kumtunda ndi otetezedwa: osaponya mbedza, osatchera ukonde. Pachilumba osadula mtengo, osasonkha moto, osamanga tenti popanda chilolezo.

4. Longedzani zochepa

Madzi akumwa, malita atatu pamunthu patsiku. Chipewa chomangira kuchibwano, malaya a mikono yaitali, juzi ya madzulo, nsapato zosaterereka pamwala, magalasi oonera pansi pa madzi, thumba lobweretsera zinyalala. Foni ikhale m'chinthu chosalowa madzi, ndipo uzani munthu wotsala kumtunda komwe mukupita ndi ola lomwe mubwere, chifukwa kuseri kwa zilumba netiweki imasowa.

Ogona panyanja asaiwale neti. Pafupi ndi chipata cha paki pali manda a amishoni a ku Scotland omwe anafika pano mu 1875 pamodzi ndi Dr Robert Laws. Malungo anawavuta mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo udzudzu wake sunasamuke nawo.

5. Tsiku loyamba: Thumbi ndi Otter Point

Thumbi wa kumadzulo (palinso Thumbi wina pakhomo la doko la Monkey Bay) ali pamtunda wa kilomita imodzi yokha kuchokera ku Chembe. Ndi pabwino kuphunzirirapo momwe boti lanu limamvera mphepo, momwe limatembenukira, komanso ndani mwa anzanu amachita chizungulire.

Poponya nangula funani pamchenga, pomwe madzi akuoneka oyererako. Pamiyala nangula amakodwa m'ming'alu, ndipo ambiri anasiyidwa pansi pomwepo eni ake atalephera kuwazula. Tsitsani pang'onopang'ono, masulani chingwe chotalika kasanu kuposa kuya kwa madziwo, kenaka yang'anani mtengo ndi mwala kumtunda kwa mphindi zingapo kuti muone ngati boti likukokeka. Wina atsale m'boti nthawi zonse ena akamasambira.

Tsopano valani magalasi aja muviike nkhope. Zomwe muonezo ndiye chifukwa chake pakiyi ilipo. Mbuna, tinsomba ta m'miyala ta buluu, tachikasu, ta mizeremizere, timakuzungulirani osaopa. Mitundu yake ndi yoposa 300 ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala ndipo sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho gulu la pachilumba chimodzi limakhala lokhalokha kwa mibadwo yambirimbiri mpaka kusintha maonekedwe. N'chifukwa chake mbuna za ku Thumbi zimasiyana ndi za ku Mumbo kapena ku Maleri. Mukayang'anitsitsa muona ina yotupa kukhosi yomwe sikudya: ndi yaikazi, yasunga mazira kapena ana m'kamwa.

Pa Thumbi pomwepa pali mitundu ina yomwe kwawo ndi kumpoto kwa nyanja, yomwe inatayidwa pano zaka zambiri zapitazo ndi ogulitsa nsomba zoweta kunja, ndipo inakhazikika n'kumalimbirana malo ndi eni nthaka. Musanyamule nsomba m'ndowa kuchoka pachilumba china kupita china, ngakhale mwana alire bwanji. Za buledi yemwe anthu amamwaza kuti nsomba zisonkhane ajambule, ine sindigwirizana nazo. Nsombazo zilipo kale zambiri, ingokhalani phee.

Madzulo dzerani ku Otter Point, komwe akatumbu amaoneka mwa apo ndi apo, ndipo nkhwazi simungaziphonye.

6. Tsiku lachiwiri: Domwe

Domwe ndiye chilumba chachikulu pa zonse, chachitali ndi chamapiri. Chinalekana ndi mtunda ndi kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap. Pakati pa mapiri awiri mphepo simadziwika komwe ichokere, ndipo pansi pali miyala. Musayese kudutsapo ndi thanga lokha: lizani injini kapena gwirani nkhafi, munthu mmodzi aime kutsogolo akuyang'ana pansi.

Nthawi ya mwera yendani mbali ya kumadzulo, komwe phiri limakutchingirani. Mukayandikira nsonga ya kumpoto yembekezani kuti mphepo ikuwombani mwadzidzidzi, choncho chepetsani thanga musanafike. Kulipinda boti litayamba kale kupendekeka ndi ntchito yowawa, yothyola zala.

7. Mumbo, ndi nkhani ya kubwerera

Mumbo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 10, kumpoto chakumadzulo. Ndi kachilumba kakang'ono komwe sikanakhalepo ndi mudzi, kodzaza milambe, mikuyu ndi ng'azi zoothera dzuwa pamiyala. Pali malo ogona alendo oyendetsedwa ndi kampani yomwe inapatsidwa chilolezo, choncho ngati mukufuna kugona kapena kutsikira pagombe lawo, lankhulani nawo musananyamuke.

Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa masamu. Popita, mwera amakhala kumbuyo kwanu, boti limathamanga, aliyense akuseka, ndipo simumva n'komwe kuti mphepo yakula chifukwa mukuyenda nayo limodzi. Pobwerera ili kumaso. Boti la thanga silingalunjike komwe mphepo ikuchokera, limayenda mokhotakhota, uku kenaka uku, mafunde akumenya kutsogolo ndi kunyowetsa aliyense. Ulendo womwe unatenga ola limodzi ndi theka popita ukhoza kudya maola atatu kapena anayi pobwerera. Muwerengere zimenezo, ndipo muike ola lonyamukira ku Mumbo musanatsike n'komwe m'boti. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko.

Mphepo ikakula muli komweko, khalani kuseri kwa chilumba mudikire, ngakhale zitanthauze kugona m'boti ndi njala. Lolemba kuntchito mukapepesa.

Chifukwa china chosayendera usiku ndi asodzi. Kukada, nyanja imadzaza nyali za kauni, mabwato okopa usipa, ndipo pafupi nawo pamakhala maboti akukoka chilimira. Ukonde suoneka mumdima. Mukaukola ndi boti lanu mwawononga chuma cha banja lonse, ndipo mlandu wake mukaukamba kwa amfumu.

8. Maleri, kwa omwe ali ndi masiku

Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili kutsidya, makilomita oposa 20 pamadzi opanda pobisala. Ulendo umenewu ndi wa boti lalikulu, woyendetsa wozolowera, ndi tsiku limodzi lapadera lodikirira nyengo. Ngati mulibe zimenezi, pitani pagalimoto ku Senga Bay mukawolokere kumeneko, n'pafupi.

9. Mukafika kunyumba

Ku Cape Maclear kuli likodzo, makamaka m'madzi osaya a m'mbali mwa mudzi momwe mumakhala nkhono zofalitsa matendawa. Kuzilumba chiopsezo n'chocheperako, koma pokwera ndi potsika boti munaponda m'madzi a pagombe. Mankhwala ake, praziquantel, sapha tizilomboti tikadali tating'ono, ndiye kumwa tsiku lomwe mwabwera n'kutaya mapiritsi. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenaka pitani kuchipatala mukawauze komwe munasambira, akakuyezeni ndi kukupatsani mlingo wogwirizana ndi kulemera kwa thupi lanu. Mukamva kutentha thupi masiku amenewa asanakwane, musadikire, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.