Momwe Mungaphunzitsire Kugwa kwa France mu 1940 Pabwalo la Sukulu

Aphunzitsi a mbiri m'sekondale za mu Blantyre muno mukulidziwa vutoli: ophunzira amaloweza madeti, koma mukawafunsa chimene chinachititsa kuti France igonje kwa Germany m'masabata 6 okha pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, amati analibe zida. Yankho limenelo ndi lolakwika, pakuti akasinja a France ndi Britain sanali ochepa poyerekeza ndi a Germany. Chinawagwetsa ndi malo amene anaika asilikali awo ndiponso kuchedwa kwa malamulo, ndipo zimenezi zimamveka bwino ophunzira akaziyenda ndi mapazi awo.

Tulukani nawo pabwalo ndipo mujambule mapu pansi ndi phulusa. Kumpoto chakumadzulo kukhale nyanja, njerwa zondandalika kum'mawa ziimire malinga a Maginot amene France inamanga m'malire ake ndi Germany, nthambi zamasamba zikhale nkhalango ya Ardennes, ndipo chingwe chikhale mtsinje wa Meuse, mwala uimire tawuni ya Sedan pamtsinjewo. Ambiri mwa ophunzira akhale asilikali a France ndi Britain, otsalawo muwagawe pawiri ngati a Germany.

Lengezani tsiku la 10 Meyi 1940. Gulu loyamba la Germany lilowe mu Netherlands ndi Belgium mwaphokoso, ndipo a France ndi Britain athamangire kumpotoko kukakumana nalo, monga mkulu wawo Gamelin anakonzera. Apa musafulumire ayi, chifukwa msampha wonse wagona pamenepa. Pamene maso onse ali kumpoto, gulu lachiwiri lidutse mwakachetechete m'nthambi zija, kumene akuluakulu a nkhondo a France ankati akasinja sangadutse msanga, liwoloke chingwe pa Sedan monga Guderian, mkulu wa gulu la akasinja a Germany, anachitira pa 13 Meyi, kenaka lithamange mpaka kunyanja pafupi ndi Abbeville, kumene anafika pa 20 Meyi. Ndiye auzeni akumpoto aja acheuke, aone okha kuti njira yobwerera kwawo yatsekeka.

Kuti kuchedwa kwa malamulo kuoneke, lolani a Germany kufuulirana, popeza akasinja awo anali ndi mawailesi ndipo ankayenda pamodzi, koma a France alandire lamulo lililonse pakapepala kochokera kwa inu. Ine ndimaona kuti gawo limeneli limaphunzitsa koposa zonse, chifukwa kapepala kakamafika zinthu zimakhala zitasintha kale.

Zotsatira zake muzikambe mwachidule m'kalasi. Asilikali oposa 338,000 a Britain, France ndi anzawo anawolotsedwa panyanja kuchokera padoko la Dunkirk kupita ku Britain kufikira pa 4 Juni, Paris inalandidwa pa 14 Juni, de Gaulle, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a France, analankhula pa BBC ali ku London pa 18 Juni kuti nkhondo ipitirire, ndipo boma latsopano la France lotsogoleredwa ndi Pétain linasaina pangano losiya kumenyana ku Compiègne pa 22 Juni.

Musatseke phunziro musanalibweretse kwathu kuno. Italy italowa nkhondo kumbali ya Germany pa 10 Juni, moto unafika kum'mawa kwa Africa, ndipo asilikali a Nyasaland a King's African Rifles anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland mu Ogasiti 1940, kenaka mu 1942 anapita ku Madagascar kukalimbana ndi asilikali a boma la Vichy, lija la Pétain. Atumeni ophunzira akafunse kunyumba ngati pamtundu pawo panali agogo amene anapita kunkhondoyo, ndipo dzina lililonse limene abwere nalo mulilembe pabolodi pambali pa madeti aja.