Momwe mungakonzere nyumba yakale kuti izifunda m'nyengo yozizira

Ku Dedza, ku Mzuzu ndi kumapiri a Thyolo, miyezi ya June ndi July siichitira chisoni nyumba zakale. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kummwera kukachita Chiperoni anthu amagona ndi majuzi. Ambiri akazizidwa amathamangira kukagula hita. Komatu hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, ndipo m'nyumba yopanda siling'i kutentha konseko kumangokwera kumalata n'kutuluka. Konzani kaye nyumbayo, ndipo muyambire kumwamba.

Choyamba, onani denga. Lowani m'nyumba masana, tsekani zitseko, muyang'ane m'mwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala ndi pamene padzadonthe mvula ikadzayamba. Sinthani malata odyeka ndi dzimbiri, khomani misomali yatsopano, ndipo milimo ndi mapaso zimene chiswe chadya musazinyengerere. Ngati nyumbayo ndi ya kale ija yofolera ndi asibesitosi, musaboole, kudula kapena kupala dengalo, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Imeneyo ndi ntchito ya anthu oidziwa.

Chachiwiri ndi siling'i, ndipo ngati ndalama ndi zochepa, ziyambe zapita apa. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba, pomwe lata ndi lopyapyala moti usiku limazizira msanga. N'chifukwa chake m'mamawa mumaona timadontho tikugwa kumalata kunja kulibe mvula. Siling'i imadula njira imeneyi, ndipo ikadzafika October mudzaithokozanso, poti imatchinga kutentha kwa malata. Simukuyenera kumaliza nyumba yonse kamodzi. Yambani ndi zipinda zogona, makamaka cha ana ndi cha agogo, pabalaza padzabwere pambuyo.

Kalipentala asanakhome mabolodi, itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, adzaone mawaya. Mawaya a m'nyumba zakale amakhala atafumbutuka, ena makoswe anawatafuna, ndiye kuwatsekera m'siling'i osawaona n'kuweta moto. Muuzenso mmisiri atseke ndi njerwa mpata wa pakati pa khoma ndi malata, umene umalowetsa mphepo, fumbi ndi mileme. Pamwamba pa siling'i mutha kuyala fayibagalasi, chofunda chooneka ngati thonje chogula ku hadiweya, mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno, chifukwa amayabwa koopsa. Udzu, utuchi ndi makatoni ayi. Zimafunditsa ndithu, koma zimaitana makoswe ndipo sizichedwa kuyaka.

Chachitatu, sakani mipata. Madzulo kukuomba mphepo, nyowetsani dzanja muliyendetse m'mbali mwa mafelemu a mazenera ndi zitseko. Pamene pakulowa mphepo mupamva. Magalasi ogwedera aikeni pati watsopano, ming'alu ya m'mbali mwa felemu muimate ndi simenti, ndipo kunsi kwa chitseko khomani kachidutswa ka labala, ngakhale ka chubu chakale cha galimoto. Mazenera a malova ndiwo amavuta kwambiri, sagwirana ngakhale muwatseke bwanji. A kuchipinda chogona asintheni mukapeza ndalama, ena onse aphimbeni ndi makatani okhuthala ofika pansi.

Apa pali chenjezo lalikulu. Timabowo ta mpweya timene amisiri akale ankasiya pamwamba pa khoma musatitseke tonse, makamaka kukhitchini ndi kubafa. Ndipo nyumba ikatsekeka bwino chonchi, mbaula ya makala isagone m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha anthu ali mtulo. Otherani pakhonde kapena pamalo opita mphepo, mbaulayo itsale panja pokagona.

Chachinayi, gwiritsani ntchito dzuwa. Kwathu kuno m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, pomwe mphepo yozizira imachokera kummwera chakummawa. Tsegulani makatani a mazenera akumpoto kukangocha, dzuwa liwombe pasimenti ndi pakhoma, ndipo muwatseke lisanalowe. Nthambi zimene zatchinga mbali imeneyo zisadzeni. Mpanda wa mitengo ubzaleni kumene kumachokera mphepo.

Chachisanu, khoma lonyowa silifunda. Mukaona pulasitala akufufuma m'munsi kapena chuku chakuda pakona, funani kaye kumene madzi akuchokera: ngalande yotsekeka, paipi yodontha, kapena dothi limene launjikana mpaka kukhoma. Penti ibwere khoma litauma. Pansi pa simenti yalani mphasa kapena kapeti.

Pomaliza ndi magetsi. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi mofanana ndi lakale la mawati 60, choncho sinthani onse, kuyambira a panja amene amayaka usiku wonse. Giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi, ndiyo mbava yeniyeni ya mayunitsi. Wamagetsi aitchere pa madigiri 60, aikulunge ndi chofunda chake pamodzi ndi mapaipi a madzi otentha, ndipo muziizimitsa mukamachoka masiku angapo. Lembani mayunitsi a pa mita ya ESCOM sabata imodzi ntchito isanayambe, mudzalembenso ikatha, kuti muone ngati hita ija ikufunikabe.