Mmene mungasamalire m'bale wanu amene amuika kathita kuti asadwale matenda a m'njira ya mkodzo

Alamu anga atachitidwa opareshoni kuno ku Johannesburg anawaika kachubu kaja ka mkodzo, kathita, ndiye patangodutsa masiku atatu chitulukireni m'chipatala anayamba kunjenjemera usiku, thupi kutentha ngati mbaula. Ife kumati ndi malungo, kuwapatsa Panado. Malungo ake ati munthu sanapite kumudzi zaka ziwiri ndipo Johannesburg si dera la malungo? Anali majeremusi a m'chikhodzodzo. Nthawi zambiri amakhala E. coli, amene amakhala m'matumbo mwathu momwemu, koma akakwera ndi chubu chija mpaka kukafika m'chikhodzodzo basi, mavuto ayamba.

Choyamba, akadali pa bedi m'wadi, tsiku lililonse mukapita kokazonda funsani asisita kuti kodi kathitayu akufunikabe? Musachite manyazi kuti Chingerezi chathu ndi chothyokathyoka, funsani basi, chifukwa chubu chikamakhalitsa mwayi wa matenda umakulirakulira tsiku ndi tsiku.

Kenako yang'anani thumba la mkodzo. Lizikhala pansi kuposa chiuno cha wodwalayo kuti mkodzo usabwerere m'chikhodzodzo, koma lisagunde pansi, ndipo chubu chisapindike kapena kutsamiridwa ndi mwendo. Ambiri tikafika timalinyamula n'kuliika pa bedi kuti tikhale bwino pampando, ayi ndithu musatero. Ngati atuluka nacho kupita kunyumba, sambani m'manja ndi sopo musanagwire komanso mukamaliza, khuthulani thumba lisanadzaze, kampopi kake kasakhudze chidebe kapena chimbudzi, ndipo musamazule chubu pa thumba mwachisawawa. Pamene chubu chalowera pazitsukidwa ndi madzi ndi sopo wamba tsiku lililonse, za Dettol zisiyeni. Madzi azimwa, pokhapokha adokotala ataletsa chifukwa cha impso kapena mtima.

Akachotsa chubucho, kuwotcha pang'ono pokodza tsiku limodzi kapena awiri si zachilendo. Koma thupi likatentha kufika madigiri 38, kunjenjemera, kupweteka pachinena kapena msana chakumbali komwe kuli impso, magazi mumkodzo, kapena maola 8 adutsa osakodza, pitani ku kiliniki kapena ku casualty tsiku lomwelo, kaya ku chipatala cha Helen Joseph, cha Bara, kulikonse kwapafupi, mutatenga khadi ndi kalata yotulutsira ija. Agogo nthawi zina amangoyamba kubalalika mutu osadandaula chilichonse, chimenechonso ndi chizindikiro. Akafooka kwambiri imbani nambala ya zadzidzidzi ya 112 pa foni ya m'manja.

Ndipo amoxicillin wotsala amene achemwali anakutumizirani pa basi kuchokera ku Lilongwe musamupatse. Akayeze kaye mkodzo ku labu kuti adziwe mankhwala ogwira, majeremusi a m'chipatala ambiri samva mankhwala wamba. Alamu aja anawabwezera pa dripi masiku anayi.